Anandifunsa za thanki ya mkaka, ine n'kuyankha za kafukufuku

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndipo ndagwira ntchito ya kafukufuku pa yunivesite zaka zisanu ndi zinayi. Ndimafufuza tizilombo timene timaononga mkaka. Ntchito yanga ndi ya kontirakiti, ndipo ikutha mwezi wamawa. Apulofesa amene ndimagwira nawo anandiuza mosabisa kuti pulojekiti yathu siipitirira.

Ndinalembera ku fakitale ina yopanga yogati, kumene akufuna woyang'anira labotale, ndipo anandiitana. M'chipindamo munali anthu atatu: bwana wa fakitale, mayi woona za antchito, ndi bambo wina wovala ovolosi amene amayang'anira makina. Bwanayo ananyamula mapepala a mbiri yanga, masamba khumi ndi limodzi, n'kumawakweza ndi kuwatsitsa m'manja ngati akuyeza kulemera kwake. "Adokotala, ili ndi buku, tidzawerenga pa holide," anatero. Tinaseka tonse, koma ine thukuta linali kamukamu.

Kenako a makina aja anafunsa kuti, "Thanki ya mkaka yafika pageti, dalaivala akudikira, mwayeza ndipo zotsatira zikukayikitsa. Mutani?" Aphungu, ndinayamba kufotokoza njira zinayi zoyezera, ubwino ndi kuipa kwa iliyonse, n'kumaliza ndi mawu akuti pangafunike kufufuza mozama. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye dalaivala uja amange nyumba pageti?"

Ndinatuluka ndikudziwa kuti zanga zada. Koma dzulo aimba foni kuti ndipitenso Lachinayi. Amuna anga akuti ndikangokayankha mmene ndimawayankhira iwo pakhomo, mwachidule ndi mosabweza, ntchito ndaipata. Apulofesa akuti ndikukataya mutu wanga m'chidebe cha yogati. Ine fakitale sindinayendetsepo. Chachikulu chimene ndinachitapo kunja kwa mabuku n'choti tsiku lina firiji ya labotale itafa, ndinakapempha malo m'firiji ya wogulitsa nyama wapafupi, n'kupulumutsa zoyeza za zaka ziwiri. Kodi anthu amenewa akufuna chiyani kwenikweni kwa munthu ngati ine?

T.N.M.

Amayi T.N.M.,

Pukutani thukuta. Munthu amene sakumufuna samuitana kawiri. Akuona kuti nzeru muli nazo, chimene sanachione n'choti nzeruzo zimatha kuthamanga. Amuna anuwo, ngakhale akuseleula, alasa.

Ku yunivesite anakuphunzitsani kukayikira mpaka umboni utakwana, ndipo kumeneko n'koyenera. Ku fakitale umboni sukwana, koma thanki yafika. Akufuna munthu woti anene kuti, "Mkaka uwu usalowe, ndiyezanso, pakatha mphindi makumi atatu ndikuuzani," ndipo akalakwitsa avomere ndi kukonza. Choncho Lachinayi yambani ndi chimene mungachite. Zifukwa zibwere pambuyo, ngati azifunsa.

Nkhani ya firiji ija mwaiponya kumapeto kwa kalata ngati chinthu chochititsa manyazi, chonsecho ndiyo katundu wanu weniweni. Chinthu chinafa, simunaitanitse msonkhano, munatuluka panja, munalankhula ndi munthu wosadziwa za sayansi mpaka anakumvetsani, ntchito n'kupulumuka. Olemba ntchito amasaka zimenezo ndi nyali. Khalani pansi mukumbukire nkhani zina ziwiri zotere. Mwina munaphunzitsapo anthu kugwiritsa ntchito chipangizo chatsopano, mwina munayanjanitsapo anzanu awiri osamwerana madzi kuti lipoti lituluke pa nthawi yake. Pa iliyonse nenani vuto, chimene munachita inuyo, ndi mmene zinathera. Mawu akuti "tinachita" muwasiye kaye. Sakulemba gulu lonse.

Buku lanu lija lidulidwe likhale masamba awiri. Mndandanda wa zolemba zanu m'magazini a sayansi ungokwana mzere umodzi. Malo otsalawo aikeni makina amene mumatha kugwiritsa ntchito, anthu amene munawatsogolera, ndi ntchito zimene munamaliza tsiku lake lisanadutse. Mukatero, fotokozerani mchemwali wanu kapena mnansi wosaphunzira za sayansi chimene mumachita. Akayamba kuyang'ana foni, fupikitsaninso.

Lisanafike tsikulo, gulani yogati yawo, muwerenge zolembedwa pa kabotolo, mufunse wa m'golosale ngati anthu amadandaula nayo. Mukakalowa, inunso funsani. Funsani a makina aja chimene chimawavutitsa kwambiri nyengo yotentha, ndipo mumvetsere mpaka amalize. Bambo amene uja ndiye mudzagwire naye tsiku ndi tsiku, ndipo funso lake lenileni linali lakuti, kodi dokotala ameneyu adzamva za ife osapita patali ndi sukulu? Pamene simukudziwa, nenani kuti simukudziwa koma muphunzira msanga. Zaka zisanu ndi zinayi zija ndi umboni woti kuphunzira mumakutha.

Apulofesa musakangane nawo. Akulira wantchito wabwino, ndipo kalata yokuchitirani umboni idzachokera kwa iwo omwewo.

Chenjezo langa ndi ili: akakakufunsani chifukwa chimene mukuchokera ku yunivesite, musakanyoze kumene mwakulira, ngakhale mtima uli ndi mabala. Wolemba ntchito akamva mukunena akale, amadziwa kuti mawa munena iyeyo. Ukayenda siya phazi, mlomo ukausiya umakutsata. Kaneneni chimene chakukokerani kwa iwo, basi, kenako mutseke pakamwa adzilankhulire okha.

Aphungu