Mng'oma wa Mdyerekezi Ulibe Njuchi

Aphungu,

Pepani ndi malembedwe angawa. Sukulu ndinangoilawa, kenako bambo anga anandituma kuphiri kukadyetsa ng'ombe, osabwererakonso. Kalata ino yopempha malangizo m'nyuzipepala mwanu ndinaiyamba Lolemba, lero ndi Lachinayi. Muiwerenge mofatsa monga ndailembera.

Ndili ndi zaka 79, ndipo njuchi ndinayamba kusunga ndisanamere ndevu. Nyumba ya njuchi ili kuseri kwa khola, pansi pa mitengo ya maapozi. Anamanga ndi bambo anga. Ming'oma ilimo khumi ndi iwiri, yosanjikizana ngati makabati. Njuchi zimatulukira kunja, ine ndimatsegulira kumbuyo ndili m'kati. Uliwonse uli ndi chithunzi chake kumaso. Wina uli ndi Mayi Maria, wina chimbalangondo chikuthamangitsa mlenje. Wapakona uli ndi mdyerekezi akunola lilime la mayi wina pamwala. Akazi anga, a Cilka, amati bambo anga anajambula apongozi anga aakazi. Pamenepa ine sinditsutsa, chifukwa mphunoyo ndi yomweyo.

A Cilka ndi njuchi sagwirizana. Ina inawaluma pachikope tsiku la ukwati wathu, ndipo analumbira kuti m'nyumba imeneyo sadzapondamo. Papita zaka 52. Ndiye mukhoza kuona nokha kumene mwamuna amapita akafuna kupumula. Muli kabedi m'menemo. Ndikagona masana, njuchi zikung'ung'uza kukhoma, fungo la phula ndi uchi likutsikira m'chifuwa, ndimadzuka mawondo ali atsopano. Bambo anga ankatero, agogo anganso. Sitinkadziwa kuti ndi mankhwala. Ife tinkangoti kugona.

Tsopano ndifike pa tchimo langa.

Zaka ziwiri zapitazo adokotala anandipeza ndi kuthamanga kwa magazi. Anandiletsa mchere, nyama ya nkhumba ndi kachasu. A Cilka anali pomwepo, akuvomereza ndi mutu ngati lamulolo analemba ndi iwo. M'chisanu cha chaka chomwecho njuchi za mumng'oma wa mdyerekezi zinafa zonse. Ndinalira. Ndinausesa. Kenako ndinauyang'anitsitsa: wouma, wozizirira bwino, ndipo uli ndi chitseko. Ndinaikamo botolo la kachasu wa maapozi ndi soseji ya nkhumba yowamba, ija ya adyo wambiri. Za imfa ya njuchizo sindinauze munthu.

Mu Epulo chaka chino ndinagonekedwa m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Nditabwerako ndinapeza mpongozi wanga Metka, mkazi wa mwana wanga Damjan, waika mipando ndi makatani m'nyumba ya njuchi. Anati, "Bambo, musakwiye. Anthu a mumzinda wa Ljubljana akufuna kupuma mpweya wa mumng'oma. Kwa a Slavko, alimi a njuchi a kutsidyaku, magalimoto sakutha, pomwe njuchi zawo n'zaulesi." Mwanayu ndi wakhama, koma njuchi amaziopa, ndiye sanatsegule mng'oma ndi umodzi womwe. Anangolumikiza mapaipi pa timabowo ta mpweya ta pazitseko, paipi iliyonse ndi kafani kokoka mpweya ndi masiki kumapeto. Anasankha ming'oma inayi. Umodzi unali wa mdyerekezi.

Tsiku loyamba kunabwera mayi wina, mphunzitsi wopuma pantchito, a Berta. Anavala masiki, anakoka mpweya, natseka maso. "Eee! Uwu ndiye wamphamvu! Njuchi zimenezi zimadya maluwa anji, bambo?" Ine ndinati, "Adyo wa kutchire, mayi." Pakamwa panayankha pokha. Pambuyo pawo panakhala bambo wina wa ku banki, amene anati mutu wake wapepuka, akufuna kuimba. Mbiri inafala. Lero anthu amaima pamzere kudikira mdyerekezi. Pa Mayi Maria mpando umakhala wopanda munthu, chikhalirecho njuchi zake ndi zimene zimagwira ntchito kuposa zonse.

Zikanathera pamenepo ndikanangokalapa kwa ansembe. Koma a Cilka ali ndi mphumu. Amayenda ndi kampope ka kuchipatala m'thumba la epuloni. Mu Juni, titadya masana, ndinangoona alowa. "Sunthani a Vinko, ndione chimene chikupengetsa anthuwa." Sanafunse kuti uli pati. Anapita molunjika pakona. Anapuma nthawi yaitali akundiyang'ana pamwamba pa masiki, kenako anati, "Fungo ili likundikumbutsa mnyamata wina amene ankandiperekeza kuchokera ku dansi." Chiyambire tsikulo saphonya.

Ndinayesa kuchotsa katundu wanga tsiku limodzi. A Berta anafunsa ngati njuchi zadwala. A Cilka anati, "Lero mpweya wasukuluka, ngati supu ya m'chipatala." Ndinabwezeramo.

Lamulungu lapitali, tili patebulo, anatulutsa kampope kaja nakaika pafupi ndi buledi. Anati, "Ine ndachira. Mwezi uno ukatha, aka ndikaponya m'mbaula. Kapena pali chimene mukufuna kunena, nkhalamba inu?" Ndinati palibe. Mbatata inandikhala pakhosi.

Kuti musandiyese wabodza wotheratu, mng'omawo mphamvu uli nayo ndithu. Kachasu wolusa ngati moto akakhalamo masiku atatu amafatsa, munthu n'kumwa makapu awiri osamva kanthu. Zakhala choncho kuyambira mwezi umene ndinaikamo botolo loyamba. Mbewa nazo zimandibera soseji, koma ndi mbewa zaulemu, zimadula mowongoka.

Aphungu, ndikanena zoona, botolo lapita, kabedi kapita, Metka achita manyazi pamaso pa alendo ake. Ndiponso zaka zonsezi a Cilka amauza anzawo kutchalitchi kuti, "A Vinko ndi aulesi, koma sanama." Ulemu wanga ndi wokhawo. Koma ndinawaonapo mphumu itawagwira m'munda wa kabichi, milomo itada, akundikoka malaya osatha kutchula dzina langa. Chinawadzutsa ndi kampope kameneko, osati soseji. Kwatsala masiku khumi ndi awiri. Nditani?

V. P., Kamnik

Bambo V. P.,

Kalata yanu ndaiwerenga mofatsa monga munapemphera, kachiwiri nditapukuta misozi ya kuseka. Koma tiyambe ndi chosaseketsa. Masiku khumi ndi awiri mulibe. Muli ndi lero. Ikani nyuzipepalayi pansi mukamaliza, mukawauze a Cilka kuti mumng'oma muja mulibe njuchi. Mphumu imapha, ndipo inu mukudziwa bwino kuposa ine chifukwa munali m'munda wa kabichi muja. Kampope kakhale m'thumba la epuloni. Woti n'kunena zosiya kapena kuchepetsa mankhwala ndi adokotala awo okha.

Ngakhale mng'omawo ukanadzaza njuchi mpaka pachitseko, yankho langa likanakhala lomwelo. Mpweya wa mumng'oma ndi wofunda, wonunkhira, ndipo ambiri amati umawapumitsa mtima. Inenso ndinakhalapo pampando wotero, ndinagona tulo tokoma. Koma sulowa m'malo mwa mankhwala, ndipo munthu wa mphumu kapena amene thupi lake limadana ndi mungu ukhoza kumutsekera chifuwa m'malo momutsegula. A Cilka akafunse kuchipatala asanavale masiki pa mng'oma weniweni.

Mukatha ndi a Cilka, muitaneni Metka pambali, osati pamaso pa alendo. Mutseguleni chitsekocho aone yekha. Achita manyazi tsiku limodzi, koma ndi bwino amve kwa inu kusiyana ndi kumva kwa mlendo amene angadzatsegule chifukwa cha chidwi. Paipiyo isamukire ku mng'oma wamoyo, ndipo kuyambira tsopano inuyo ndi amene muzisankha ming'oma yoti anthu apumeko. Njuchi mumazidziwa ndinu. Metka naye azifunsa mlendo aliyense za chifuwa chake asanamukhazike pansi. A Berta auzeni zoona. Aphunzitsa ana zaka zambiri, anamvapo mabodza oposa a adyo wa kutchire. Akaufunabe mpweyawo, alozereni kwa wogulitsa nyama.

Botolo ndi soseji zipite kukhitchini, pamalo poonekera. Mu Epulo simunagone m'chipatala chifukwa cha njuchi. Mukapitanso kwa adokotala mukanene zimene mwakhala mukudya, mufunsenso ngati kachidutswa kamodzi pa Lamulungu n'kololedwa. Mwina angakulolereni. Chimene sangathe ndi kuchiza munthu amene amadyera m'kabati. Za kabedi musade nkhawa. Pemphani kuti ola limodzi masana nyumba ya njuchi izikhala yanu, yopanda alendo. Munthu woulula yekha amapemphako kanthu.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndaona m'kalata yanu, chimene inu mwalemba osachiona. Ndafunsa mlimi wa njuchi mnzanga ngati phula limafatsitsa kachasu. Waseka mpaka kutsokomola. Chofatsitsa kachasu ndi madzi, bambo, ndipo madzi salowa okha m'botolo lotseka. Mbewa zodula mowongoka zimakhala ndi mpeni, ndipo kawirikawiri zimavala epuloni. Munthu amene sanapondemo zaka 52 sapita molunjika pakona osafunsa njira. Ndipo mayi amene wakhala nanu zaka zonsezo fungo la adyo ndi kachasu angalisokoneze ndi la maluwa? Anakuuzani yekha kuti likumukumbutsa ndani.

Ine ndikuganiza kuti a Cilka akhala akusamala magazi anu mwakachetechete kwa zaka ziwiri, pomwe inu mukugona pakabedi n'kumadziona ochenjera. Zitafika pogonekedwa m'chipatala, anaona kuti madzi okha sakukwanira. Ndiye aika patebulo chinthu chimodzi chimene akudziwa kuti simungachilekerere. Akufuna aone ngati mwamuna wawo uja sanamadi.

Koma chenjerani. Limeneli ndi ganizo langa chabe, ndipo musayike chifuwa cha akazi anu pa ganizo la mlendo wolemba m'nyuzipepala. Ngati ndalakwitsa, kuulula kwanu kupulumutsa moyo wawo. Ngati ndalondola, kupulumutsa dzina lanu kutchalitchi. Ndipo musakayese kuwapanikiza kuti, "Kani munkadziwa!" Mlanduwo simungaupambane. Pitani mutanyamula botolo m'dzanja limodzi, soseji m'dzanja linalo, muziike pafupi ndi buledi pomwe anaika kampope paja. Akakufunsanso ngati pali chimene mukufuna kunena, nthawi ino mezani kaye mbatata.