Madiresi akuda a malemu amayi pa chofunda cha mkwatibwi

Aphungu,

Ndagwira njakata, ndipo ndikulemba kalatayi tizigamba tili mbwee m'chipinda monse. Mwana wanga Boglárka akukwatiwa, kwatsala milungu isanu. Ana a anzanga amapempha mbale ndi makatani, koma wangayu ayi. Anati akufuna chofunda cha zigamba chosokedwa ndi zovala za agogo ake, amayi anga, amene anatisiya chaka chatha. Osatinso chofunda wamba, koma chija cha tizigamba ting'onoting'ono tamaluwa, chimene mitundu imasungunukirana kuchoka powala mpaka podera ngati chithunzi cha utoto wa madzi. Ine ndi nzeru zanga zosefukirazi ndinati zimenezo n'zosavuta.

Ndinatsegula kabati ya amayi. Mukudziwa mmene akazi akwathu kuno ankavalira: mtsikana zowala, akakwatiwa zofiira, ana akakula zabuluu wodera, mwamuna akamwalira zakuda mpaka kumanda. Abambo anamwalira amayi ali ndi zaka 47, ndipo amayiwo anakhalanso zaka zina 33. Ndiye tangoiganizirani kabatiyo. Madiresi owala anali asanu ndi limodzi ndi timipango ta kumutu tingapo, kwinako kunali bii.

Ndisanagwire n'komwe sizasi, anatulukira achemwali anga aakulu, a Jolán. Iwowa nkhani amainunkhiza ali kutsidya kwa tauni. Anaima pakhomo manja m'chiuno n'kunena kuti: "Iwe, nsalu ya mkazi wamasiye pabedi la mkwatibwi? Bwanji osangomukumbiratu manda mkamwiniyo kuti ntchito ichepe?" Anawonjezera kuti akadzaona kagamba kakuda ngakhale kamodzi, ku ukwatiko sadzapondako, ndipo iwo eni adzauza a kuchimuna chifukwa chake.

Ndinamvera, poti wamkulu ndi wamkulu. Ndinadula tizigamba 900 ta masentimita asanu mbali zonse, kuchokera pa zowala ndi zapakatikati zokha, n'kuwonjezerapo nsalu zanga. Milungu itatu ndakhala ndikutimata pa bulangete limene ndinakhoma pakhoma. Zimene zatuluka, Aphungu, ndi chinthu cha mbuu chopanda mutu ndi mchira. Amuna anga a Dezső, amene zaka makumi atatu sanazindikirepo kuti ndasintha makatani, anaima patsogolo pake kapu ya kachasu wa palinka ili m'manja n'kuti: "Koma ndiye luso, mayi a Boglárka. Mwasoka kabichi wowiritsa kawiri." Ndinayesa kuika zofiira pazokha, zabuluu pazokha, chinangosanduka mapu a kusukulu.

Lamlungu lapitali Boglárka anaimba foni. Anafunsa ngati ndaikamo diresi lija lakuda la timaluwa toyera limene agogo ake ankavala pokamutenga kusukulu. Anati: "Agogo amene ndimawadziwa ine ndi a diresi limenelo, enawo ndimangowaona pa zithunzi." Ndinamunamiza kuti lilimo.

Tsono ndikaliika ndataya achemwali anga, ndikalisiya mwana adzatambasula chofundacho n'kuona kuti mayi ake ndi wabodza. Ndipo ndikuuzeni chimene sindinauze munthu: diresilo ndalitengera sizasi katatu, dzanja likukana. Likununkhirabe sopo wawo, ndipo mtima ukundiwawa. Ndichite bwanji?

P. E., Karcag

Mayi P. E.,

Choyamba ndikuyamikireni. Mwadula tizigamba 900 ndi kuwononga milungu itatu kuti mupeze chimene amuna anu anaona asanamalize kapu imodzi. Zikundiwawa kuvomereza mwamuna pa nkhani ya nsalu, koma a Dezső sananame. Ndi kabichi.

Vuto lanu si mitundu. Chofunda chamtunduwu sichisamala kuti kagamba ndi kofiira kapena kabuluu, chimangofunsa kuti n'kowala bwanji kapena n'kodera bwanji. Inu mwachotsa zodera zonse, ndiye mukudabwa kuti zowalazo sizikuwala. Ziwale poyerekeza ndi chiyani? Walira mvula walira matope, mayi.

Matulani zonse pakhomapo, inde zonse, musandiyang'ane choncho. Gawani tizigambato milu isanu, kuyambira toyereratu mpaka takuda, osayang'ana mtundu. Mukakayika, tsinzinani pang'ono mpaka maluwa asiye kuoneka, chotsalacho ndiye kuwala kwake kwenikweni. Maso akakunamizani, jambulani ndi foni n'kuchotsa mitundu kuti chithunzi chikhale chakuda ndi choyera chokha. Mudzadabwa kuona chofiira chija mumachiyesa chowala chikukhala bwinobwino pakati pa zodera. Mulu wachisanu mudzaupeza wopanda kanthu, ndipo mukudziwa kabati imene muli mankhwala ake.

Zodera ziyambire pa ngodya imodzi ya m'munsi, zowala pa ngodya ya pamwamba yoyang'anana nayo, zinazo zikwere pang'onopang'ono. Pa tizigamba tinayi tilitonse, kamodzi kakhale kodera ndithu. Nsalu za maluwa akuluakulu ndi zimene zimalumikiza, chifukwa kagamba kamodzi kamakhala ndi mbali yowala ndi yodera: katembenuzeni kuti mbali yodera iyang'ane kodera. Mukasowa kapakatikati, tembenuzani nsalu kunsi kukhale kunja, kuseri kumakhala kosuluka pang'ono. Zakuda zopanda duwa musaziike m'kati, zidzaoneka ngati m'kamwa mwa munthu woguluka mano. Zimenezo zisungireni m'mphepete. M'kati mulowe zakuda za timaluwa, ndipo akazi amasiye akwathu anali nazo zambiri, poti ngakhale olira amafuna kuoneka bwino kutchalitchi. Zichapeni pazokha mpaka madzi atuluke oyera, apo ayi tsiku loyamba kuchapa chofundacho utoto udzayenderera, a Jolán n'kunena kuti ulosi wawo wakwaniritsidwa. Musasoke musanachiyang'ane muli chapatali, mmawa, masiku awiri otsatizana.

Tibwere kwa mneneri wathu. Nsalu yakudayo akuti ndi yatsoka. Chabwino. Zaka 33 anthu akhala akudya chakudya chophikidwa ndi munthu wovala zimenezo, adzukulu agona pa miyendo yake, a Jolán omwewo akhala akulandira mabotolo a jamu kuchokera m'manja mwake osawabweza. Tsokalo linali kuti nthawi yonseyi, linkadikira makina anu osokera? Mwambo wosavala zakuda ku ukwati ndimaudziwa, ndipo palibe akuti mkwatibwi alowe m'tchalitchi atafunda chofundacho. Mwana wapempha agogo ake. Inu mukufuna kumupatsa mtsikana wina wa zaka 19 amene ngakhale inuyo simunakumane naye.

Bodza lija likonzeni lero. Muimbireni Boglárka, mumuuze kuti diresilo simunalidule ndiponso chifukwa chake. Munthu amene akukwatiwa wakula mokwanira kumva kuti mayi ake akulira mayi awo. Mwinanso adzati musunge kolala ndi mabatani osadula, zimene ndi nzeru kuposa zonse zimene zanenedwa m'nyumba mwanu mwezi uno.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo apa ndasiya nthabwala. Musadule diresilo mobisa kuti a Jolán akalione koyamba pamaso pa alendo. Amayiwo anali awonso. Inu mwakana katatu ndi dzanja, iwo akukana ndi pakamwa, poti ndicho chida chimene ali nacho. Sindikukhulupirira kuti akuopera mkamwini, akuopa kuona diresi la amayi awo lili zidutswa. Aitaneni mkati mwa mlungu uno, a Dezső muwatumize kumunda, muyale diresilo patebulo sizasi ili pakati. Auzeni mawu a Boglárka monga anawanenera. Akakalipa asiyeni amalize, akalira lirani nawo, kenako dulani, chifukwa milungu isanu sidikira munthu. Koma kagamba koyamba musakasokere pa chofunda. Kapatseni a Jolán apite nako kwawo.

Wanu pa singano ndi ulusi,
Sarolta