Soketi 6

[10:42] Injiniya: asisi muli pa desk? ndapanga zopusa

[10:42] Helpdesk: ndiye ndinu? ma branch onse ali down, mafoni akungolira kuno

[10:43] Injiniya: router inakakamira. ndalowa mu PDU, ija timazimitsira magetsi a mu rack tili kutali, ndazimitsa soketi 6 kuti iyambirenso. basi zonse zii

[10:44] Helpdesk: lowani pa out-of-band. si munkati ndi khomo lakuseri network ikafa?

[10:44] Injiniya: ka modem kake kali pa soketi 6 yomweyo

[10:45] Helpdesk: anakaika pamenepo ndani

[10:45] Injiniya: ine. mwezi watha, pokonza mawaya kuti azioneka bwino

[10:46] Helpdesk: mwakiya nyumba makiyi ali mkati. tsikani ku server room mukayatse pamanja

[10:51] Helpdesk: achimwene?

[10:53] Injiniya: sindili ku ofesi. ndili ku chipatala kwathu, bambo alowa theatre m'ma 9. bwana anandikaniza leave, akuganiza ndili pansipo

[10:54] Helpdesk: 🎤 voice note 0:31

[10:55] Injiniya: ndamva. zotsalazo mudzandikalipira mawa. khadi lanu limatsegula chitseko cha server room?

[10:56] Helpdesk: limatsegula. koma audit log imalemba zonse, khadi la ndani, nthawi yanji, wazimitsayo anali kuti

[10:56] Injiniya: ndikudziwa, ndinaiika ndine

[11:04] Helpdesk: ndalowa. kukuzizira ngati ku mochale

[11:04] Helpdesk: pepani, sindinaganize

[11:05] Injiniya: rack yachitatu, kuseri, chapansi

[11:06] Helpdesk: 📷 ichi?

[11:06] Injiniya: ayi iyo ndi UPS musakhudze pls. pamwamba pake. dinani batani la 6 mpaka liyake green

[11:09] Helpdesk: layaka

[11:13] Injiniya: ping ikuyankha, network yabwerera. zikomo asisi

[11:31] Helpdesk: bwana anabwera pa desk kufunsa za inu, ndati sindikudziwa. atsegula log ine ndili pompo

[11:33] Helpdesk: ↪ forwarded: "Muwauze abwere ku ofesi kwanga. Ngati ali pansipo, 5 minutes ikwana."

[11:50] Helpdesk: ndiwayankhe chani

[12:38] Injiniya: auzeni zoona. adokotala atiitana, akuti tilowe ndi amayi tonse

[12:39] Helpdesk: bambo atuluka?

[13:25] Helpdesk: za bwana zisiyeni kaye. ndikufunsa za bambo

[14:10] Helpdesk: achimwene