Theka la Madzi M'ketulo

Mwana wanga Yusufu,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira kuti iwe, mpongozi wanga ndi ana muli bwino ku Joniko. Kuno ku Nkhudzi ndadzukako, Alhamdulillah, ngakhale chifuwa chinandigwira sabata yatha.

Mwera wayamba msanga chaka chino. Paja mayi ako ankandifunditsira madzi otawazira, oti ndidziyeretse ndisanapemphere swala ya mbandakucha. Chimwalirireni iwo, ndimangotunga ozizira a mumtsuko, chifukwa kusonkhera moto munthu mmodzi kumandigwetsa ulesi. Mapeto ake ndinatsokomola mpaka nthiti kuwawa.

Kuchipatala namwino anandikalipira ngati mwana. "Agogo, msinkhu wanuwu si wosewera ndi mphepo. Muzifunditsa madzi, muzivala juzi, ndipo mbaula musamagone nayo m'nyumba. Dzuwa likatuluka muziwongolako miyendo, mukacheze ndi anzanu." Ndinangovomera. Sindinamuuze kuti anzanga amene ndinkasoka nawo maukonde ena ali kumanda, ena ana awo anawatengera kutauni.

Dzulo ndinamvera malangizowo. Ndinasonkha moto, madzi anafunda, ndinatawaza bwinobwino. Nditamaliza ndinaona kuti ndasiya theka m'ketulo, monga ndinkawasiyira mayi ako. Nditaswali ndinakhala pakhonde, ketuloyo ili pambali panga, mpaka madziwo anazizira.

Ukapeza wobwera kuno unditumizire juzi yokhuthala ndi masokosi. Koma chachikulu uziimba foni, ngakhale ulibe nkhani. Ana angondipatsa moni, basi. Chifuwachi chikumva mankhwala, koma zii wa m'nyumba muno namwino sanandipatsire mapiritsi ake.

Allah akusungeni nonse kumeneko.

Ndine bambo ako.