Pepala la Dokotala Lawalanda Bambo Nyumba

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ntcheuko pamodzi ndi alamu. Ife kuno kudziko la Mashona tilipo, nkhondo sinafike m'tauni, koma kuiwala kwa Bambo kwakula. Chishona chonse chawathawa, atsala ndi Chichewa chokha.

Mwezi watha mlongo wathu Yohane anawatengera kwa dokotala wachizungu amene akufufuza za kuiwala kwa okalamba. Yohaneyo anatiuza kuti kuli mankhwala, ndiye ine ndinapita nawo kukamasulira. Dokotala atafunsa amene akulamulira dziko lino, Bambo anati, "Mfumukazi ya ku Mangalande." Ndinamasulira yankho lililonse osabisa kanthu, ndikumayesa kuti ndikuwathandiza.

Mankhwalawo sitinawaone mpaka lero. Koma pepala la dokotala lonena kuti mutu wawo sukugwira, Yohane anapita nalo ku ofesi ya lokeshoni, ndipo nyumba ya Bambo ya kuno ku Glen Norah yalembedwa dzina lake. Bambo wawasamutsira m'khitchini. Dzulo anandinong'oneza kuti, "Mayi, eni nyumba ino atilola kugona?"

Chonde uzani amalume amulembere kalata Yohane, ine sakundimvera. Muzindipempherera, chifukwa mawu onse ali papepalapo anatuluka pakamwa panga.

Ambuye akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati