Phewa Langa Lakana

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Kuno tilipo. Mayi akadali m'chipatala. Opaleshoni ya m'chiuno inayenda bwino, koma adokotala akuti papita miyezi asanayambe kuyenda okha. Akawatulutsa adzafunika munthu wowadzutsa, wowasambitsa ndi wowaperekeza kuchimbudzi.

Uthenga wanu wa pa foni ndinaumva. Mukuti mwakambirana ndi alamu, ndipo mwaona kuti Mayi adzakhale kwa ine popeza ndinazolowera ndi malemu Bambo. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumandidula mawu, ine n'kumangoti chabwino.

Choyamba, muwathokoze alamu chifukwa cha yoga ija. Paja pamaliro a Bambo anandiona ndikuyenda chopendekeka, n'kunena kuti ndi nkhawa chabe, ndikalowe kalasi ya yoga kuti mtima ukhale pansi. Inu munavomereza, munati mwina ndisiya kuyankha mwaukali. Walira mvula walira matope, achimwene. Ndinapita, ngakhale monyinyirika.

Kalasiyo imachitikira m'chipinda cha pamwamba pa shopu ya matayala, moti mpweya wabwino umene amatiuza kuti tikoke umanunkha labala. Tilimo azimayi okhaokha, kupatula bambo wina wopuma pa ntchito amene amayamba kuliza mkonono tikangogona chagada. Palibe zopinda thupi ngati za pa TV. Aphunzitsi athu, mayi wamfupi wa mawu apansipansi, amangotiuza kuwerama pang'onopang'ono, kupuma, ndi kumvetsera pamene pakuwawa osapathawa. Ine ndinkaseka chamumtima. Munthu n'kusiya mayunifolomu a eni ake pa makina osokera kuti ndidzamvetsere phewa?

Tsiku lina aphunzitsiwo anatiuza kuti tigwade, tiwerame mpaka chipumi chigunde pamphasa, manja titambasulire kutsogolo. Anabwera pafupi n'kundinong'oneza zimene anaona: ndikangowerama ndimasiya kupuma, ndipo mkono wanga wamanja sutambasuka, umakhala chopindika ngati muli kanthu. Sanandifunse zambiri. Anangoika dzanja pamsana panga.

"Tulutsani mpweyawo, amayi. Muno mulibe amene mukumunyamula."

Ndinadziwa pomwepo. Umu ndi mmene ndinkanyamulira Bambo zaka zonse zija sitiroko itawagwira. Ndinkawerama pa bedi, mkono wamanja kunsi kwa khosi lawo, n'kutsekera mpweya m'chifuwa kuti asandimve ndikubuula, chifukwa akamva ankalira n'kumapepesa. Ndinkautsekeranso powasintha matewera, kuti nkhope yanga isawachititse manyazi. Bambo anapita, koma thupi langali palibe analiuza.

Ndinatulutsa mpweya uja. Ndinkayembekezera misozi, poti anzanga ena amalira pamphasa zawo. Ine chimene chinatuluka ndi mkwiyo. Unayambira m'phewa, kutentha ngati simbi yoiwalika pa nsalu, n'kukwera m'nsagwada mpaka ndinayamba kukukuta mano. Aphunzitsi anati ndisauthamangitse, ndingoumvetsera, mwina uli ndi mawu. Unali nawodi, ndipo onse anali opita kwa inu.

Ndakwiya nanu, achimwene. Ndakwiya chifukwa munkaimba pa vidiyo Bambo nditawasambitsa kale, nditawapesa, inu n'kumati akuoneka bwino. Ndakwiya chifukwa mutabwera patchuthi munkangowagwira dzanja, nthawi yowasintha ikakwana foni yanu inkapeza polirira. Pamaliro munalankhula mokoma za mmene "tinawasamalira", anthu akugwedeza mitu, ine ndili kumbuyo phewa litachita dzanzi. Makasitomala anga anathawira kwa atelala ena, simunafunse n'komwe. Lero mukuti ndinazolowera! Mumandiyesa bulu wa pa ngolo kodi?

Musaganize kuti yoga yandipengetsa. Mutu wasiya kundiwawa, ndikugona bwino, ndipo mkono wayamba kutambasuka moti makatani ndikupachika ndekha. Koma nditangomva uthenga wanu uja, unapindikanso wokha ndili chiimire m'khitchini. Kale ndikanameza mankhwala n'kupitiriza. Pano ndaphunzira kuumvera. Ukukana, ndipo nanenso ndikukana.

Mayi ndimawakonda, zimenezo musayese kundiphunzitsa. Ndidzawaphikira, ndidzawachapira, ndidzacheza nawo. Koma kunyamula ndi kwanu ulendo uno, mutu umodzi susenza denga. Pemphani tchuthi chachitali kuntchito mubwere, kapena muwatenge akakhale kwanu. Nyumba yanu ili ndi chipinda chapansi chija mumasungiramo njinga za ana, ndinachiona pa zithunzi zimene alamu anatumiza.

Dzulo ndinawauza Mayi zonsezi mosapsatira mawu. Anafinyafinya mphepete mwa bulangete. Kenako anati ndisakuvutitseni, ndinu munthu wotanganidwa, iwo aziyesa kukwawa okha pogwira khoma. Mawu amenewo anandipweteka kwambiri, ndipo ndinatsala pang'ono kugonja monga mwa masiku onse. Ndinapuma monga anatiphunzitsira, mpaka nsagwada zitamasuka.

"Mayi, munabereka ana awiri," ndinatero.

Potuluka ndinawauza anamwino kuti wodzawatenga Mayi ndinu, ndipo ndinawasiyira nambala yanu. Mayi anamva. M'mawa uno ndawapeza atapempha kuti awasamutsire pa bedi loyang'ana kukhomo la wodi. Mwamuna aliyense wamtali ngati inu akalowa, Mayi akudzutsa mutu.

Ngati simubwera, muwaimbire nokha muwauze ndi pakamwa panu. Ine kukuikirani kumbuyo ndasiya.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusungeni, akupatseninso msana wolimba.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira