Dzanja la a Lefteris

Lolemba, 3 Novembala

Mphepo tsiku lonse. Miyendo kuwawa, maola asanu ndi atatu chiimire. Sabata yomaliza ya miyezi itatu yondiyesa ntchito pa kasino. Lachisanu a Ljupcho, kapitawo wa matebulo, anena ngati ndikhale kapena ndilongedze. Zaka 46 ine. Fakitale yosoka zovala komwe ndinkagwira ntchito inatseka, kuno ku Gevgelija angandilembenso ndani?

Makhadi ndayamba kuwalota. Mfumu, kwini, jeki, lililonse ndi khumi. Eyisi imodzi kapena 11. Woyandikira 21 wadya, wopitirira wapsa. Wogawa makhadi, ndiye ineyo, alibe maganizo: pa 16 akoke, pa 17 aime. "Ngakhale chitsiru chikhoza," anatero a Ljupcho. Maso ali pa ine.

Lachiwiri, 4 Novembala

Basi ya nkhalamba za ku Greece, 11 koloko m'mawa ngati kale. A Lefteris, mmodzi wa iwo, pampando wawo wakumapeto pa tebulo langa. Amabetcha mayuro asanu asanu basi, kuti tsiku lithe. Akazi awo anamwalira chaka chatha. Andibweretsera jamu wa mapichesi a m'munda mwawo. Sitiloledwa kulandira, wathera kwa mlonda wa pakhomo.

Dzanja lawo lamanja likuipiraipira. Limanjenjemera lokha, chala n'kumagogoda tebulo. Vuto ndi lomwelo. Pano kugogoda ndi kupempha khadi. Kamera ilibe makutu, imaona manja okha. Ine ndimamvera pakamwa pawo. Akati "Basi mwanawe," ndimadutsa.

Lachitatu, 5 Novembala

A Ljupcho andiitana ku ofesi. Kanema: chala cha a Lefteris chikugogoda katatu, ine osapereka khadi. Ndinati ndi matenda bwana, aliyense akuona. Iwo: "Mayi, ndinu namwino kapena wogawa makhadi? Lero ndi matenda, mawa wakuba aphunzira kunjenjemera. Mukabwereza, mukasoke mabatani kwanu."

Vaska, mnzanga wa pa tebulo lachitatu, chitumbuwa cha burek chili kukamwa: "Iwe ungompatsa. Ndi atate ako?"

Atate anga nawo ankataya khofi chimodzimodzi. Sindinamuuze. Ndikuopa, Mulungu wanga, ndikuopa.

Lachinayi, 6 Novembala

Ndinayesa. Ndikusakaniza makhadi ndinanong'ona kuti bambo, lero dzanjalo lisakhale patebulo. Anapsa mtima. "Dzanja ili ladulira mitengo zaka 50, lilibe kanthu!"

Kenako analandira mafumu awiri. 20. Khadi langa loonekera ndi 6, kutanthauza kuti anali ngati adya kale. A Ljupcho ali kumbuyo kwanga, ndikumva mpweya wawo pakhosi. "Basi mwanawe." Chala go, go, go.

Ndinapereka. 5.

25, apsa. Sanandiyang'ane ine ayi, anayang'ana dzanja lawo nthawi yaitali. "Lapempha eti?" Ndinakokolola ndalama yawo bwinobwino, monga anatiphunzitsira.

Lachisanu, 7 Novembala

Ndasaina. Ntchito ya chaka chimodzi. A Ljupcho ati ndayamba kukhwima. Vaska wandigulira keke, ndaibweretsa kunyumba, ili pawindopo. A Lefteris sanabwere.

Lachiwiri, 11 Novembala

Abwera. Matebulo asanu ndi limodzi, koma asankha langa. Bola akanandinyanyala.

Tayi m'khosi, ndevu zometa. Moni anapereka ngati palibe chinachitika. Dzanja lamanja aliika patebulo, lamanzere lalipsinja pamwamba mpaka zala kuyera.

Ndinagawa. Awo 5 ndi 6. Pa 11 palibe khadi lingakuwotche, ngakhale mwana akoka.

"Ndipatse mwanawe."

Ndinati bambo, ndione dzanja likugogoda. Anati, "Wamva kale." Ndinabwereza. Mayi wina pambali akutsonya, akuti basi itisiya. Ndipo iwo, motsitsa kuti ena asamve: "Ndikalimasula silisiya."

Ndinatembenukira kwa a Ljupcho. Angoti ndi mutu, pitirirani.

Ndinawadutsa. Mayi wotsonyayo anagogoda, khadi linapita kwa iye. Khumi, lomwe likanawakwanitsira 21. A Lefteris analiona.